Kodi agogo anu analimbanadi ndi Rommel? Yankho pa za Afrika Korps

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Zomba. Akuti agogo awo aamuna, omwe anatisiya kalekale, anali msilikali wa KAR (King's African Rifles, gulu la asilikali a mu Africa pansi pa Angerezi) pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo pamudzi pawo nkhani imayenda ndi yakuti "anakamenyana ndi Rommel m'chipululu." Akufuna adziwe kuti gulu la akasinja lotchedwa Afrika Korps linali chiyani kwenikweni, ngati agogowo anakumana nalodi, komanso kuti Rommel, jenerali wa Germany yemwe ankalitsogolera, anagonja bwanji poti amamutama kuti anali wochenjera ngati nkhandwe.

Bambo, pepani pochedwa kuyankha. Ndiyambe ndi za agogo, ngakhale mwina sizikusangalatsani. Mabatalioni a KAR ochokera ku Nyasaland sanatumizidwe kukalimbana ndi Afrika Korps. Adani awo anali Mataliyana ku Somaliland ndi ku Abyssinia (Ethiopia ya lero) mu 1940 ndi 1941, Afalansa a boma la Vichy (lomwe linkagwirizana ndi Hitler) ku Madagascar mu 1942, kenako Majapani m'nkhalango za Burma mu 1944. Kumudzi zonsezi zinkangotchedwa "nkhondo ya Hitler", ndiye dzina la Rommel silinavute kulowerera. Ndibwererako ku nkhani ya agogo, chifukwa pali njira yoti mufufuzire nokha.

Afrika Korps inabadwa chifukwa cha manyazi a Mussolini, mtsogoleri wa Italy. Pakati pa Disembala 1940 ndi Febuluwale 1941, Angerezi anaphwasula gulu lankhondo la Italy ku Libya n'kugwira asilikali pafupifupi 130,000. Hitler anaopa kuti mnzakeyo ataya Libya yense, choncho anatumiza kagulu koti kakatseke njira. Mugwire mawu amenewa: kukatseka njira. Sanawatume kukalanda Egypt. Maso a Hitler anali ku Russia, komwe ankakonzekera kukalowa mu Juni chaka chomwecho. Erwin Rommel anatera ku Tripoli pa 12 Febuluwale 1941, ndipo asilikali oyamba anatsika m'sitima patangopita masiku awiri.

Mwa kawerengedwe ka asilikali, "korps" ndi gulu lophatikiza madivishoni (magulu a asilikali zikwizikwi) awiri kapena atatu. Mtima wa Afrika Korps unali madivishoni awiri okha: ya 15 Panzer, ndi ina yomwe poyamba inkatchedwa 5th Light koma inadzasinthidwa dzina kukhala 21 Panzer. Panzer ndi kasinja m'Chijeremani. Madivishoni awiri, pamene ku Russia Germany inaponyako opitirira 140. Ndipo nthawi yambiri ya nkhondo ya m'chipululu, asilikali a Italy ndiwo anali ochuluka kuposa Ajeremani, ngakhale mafilimu amawaiwala kapena kuwasandutsa choseketsa.

China chimene ambiri sadziwa n'chakuti Rommel anatsogolera Afrika Korps yeniyeniyo miyezi 6 yokha. Mu Ogasiti 1941 anakwezedwa kuti aziyang'anira gulu lalikulu, lomwe linadzatchedwa Panzerarmee Afrika, ndipo Korps inangokhala nthambi ya gululo. Mpando wa mtsogoleri wa Korps unali wotentha. Ludwig Crüwell anagwidwa mu Meyi 1942 ndege yake itawomberedwa. Walther Nehring anavulazidwa ndi bomba la ndege kumapeto kwa Ogasiti. Wilhelm von Thoma anagwidwa pa 4 Novembala, ndipo usiku womwewo anadya chakudya pa tebulo limodzi ndi Montgomery, mkulu wa asilikali a Angerezi m'chipululu. Hans Cramer ndiye anatsekera, pokweza manja ku Tunisia.

Tibwerere ku 1941. Rommel anauzidwa kuti adikire mpaka akasinja onse afike, koma sanamvere. Kumapeto kwa Malichi anayamba kukankha, ndipo anapeza kuti kutsogolo kuli pofewa, chifukwa Churchill, nduna yaikulu ya Britain, anali atachotsa asilikali odziwa nkhondo n'kuwatumiza ku Greece. Pasanathe masabata atatu Benghazi inali m'manja mwake, akuluakulu awiri a Angerezi, O'Connor ndi Neame, atagwidwa, ndipo akasinja ake anali pamalire a Egypt. Tobruk yokha ndiyo inakana. Asilikali a ku Australia anakumba maenje n'kukhalamo, ndipo tauniyo inazingidwa miyezi pafupifupi 8 osagwa. Ku Berlin, mkulu wa ma jenerali Franz Halder anakwiya mpaka kutumiza Friedrich Paulus, yemwe uja anadzagonja ku Stalingrad, kuti akamugwire dzanja munthu amene iye ankamuona ngati wapenga.

Luso analidi nalo, ndisawanamizire. Angerezi ankakonda kuthamangitsa akasinja awo okha kutsogolo ngati apakavalo akale. Ajeremani ankayenda pamodzi: akasinja, mizinga, oyenda pansi ndi amakaniko okoka akasinja owonongeka usiku kuti m'mawa abwererenso ku nkhondo. Msampha wawo wotchuka unali wonamizira kuthawa. Angerezi akamawathamangira, ankakagwera pa mizinga yobisidwa mumchenga, makamaka uja wa 88mm, womwe anaupanga kuti uzigwetsa ndege koma unkaboola kasinja ali kutali. Pa Halfaya mu Juni 1941, akasinja a Matilda omwe Mataliyana ankawalephera anapsa ngati udzu wa m'chilimwe. Panalinso makutu. Mwa zina, Rommel ankawerenga mauthenga achinsinsi a Bonner Fellers, msilikali wa ku America yemwe ankatumiza malipoti ku Washington kuchokera ku Cairo, osadziwa kuti adani anali ndi kiyi wake. Kagulu ka Alfred Seebohm nakonso kankatchera khutu ku mawailesi a Angerezi. Magwero onse awiriwa anauma pakati pa 1942, ndipo "ufiti" wa Rommel unayamba kuchepa nthawi yomweyo. Ine sindiona ngati zinangochitika mwangozi.

Tsopano funso lanu lenileni: anagonja bwanji? Yankho langa ndi msewu. Chilichonse chimene msilikali wa Afrika Korps ankagwiritsa ntchito, chipolopolo, petulo, tayala, ngakhale chitini cha nyama, chinkachokera ku Italy pa sitima. Panyanja pankadikira ndege ndi sitima zapansi pamadzi zochokera pa chilumba cha Malta, ndipo Angerezi ankawerenga mauthenga achinsinsi onena tsiku ndi njira ya sitimazo. Katundu wopulumuka ankatsikira makamaka pa Tripoli. Kuchokera pamenepo panalibe njanji yopita kunkhondo, koma msewu umodzi wa m'mbali mwa nyanja, Via Balbia. Kuchoka pa Tripoli kukafika pa El Alamein ndi makilomita opitirira 2,000, kuposa ulendo wa basi wochoka ku Lilongwe kupita ku Johannesburg. Taganizani lole yonyamula petulo, iyo yomwe ikumwa petulo popita ndi pobwerera, fumbi likudya injini, ndege zikuisaka. Mafuta ambiri ankathera panjira asanaone kasinja. Choncho kupambana kulikonse kunkatalikitsa msewu wa Rommel n'kufupikitsa wa Angerezi, omwe nkhokwe zawo zinali ku Egypt. N'chifukwa chake nkhondoyi inkangoyenda ngati macheka, kupita kum'mawa, kubwerera kumadzulo.

Ndikamba za mafuta ndikumbuke chigubu. Angerezi ankasunga petulo m'zitini zopyapyala zomwe zinkadontha lole ikangogunda mwala. Ajeremani anali ndi chigubu chachitsulo cha malita 20, cha zogwirira zitatu, choti munthu mmodzi anyamule ziwiri kapena awiri agwirizane chimodzi. Angerezi ankazitola paliponse, kenako anayamba kupanga zawo, n'kuzitcha jerrycan potengera dzina loti Jerry lomwe ankanyozera nalo Ajeremani. Zigubu zabwino, mafuta ochepa. Zakudya nazo zinali zosautsa: nyama ya m'zitini ya Mataliyana yolembedwa AM, yomwe asilikali ankaitanthauzira kuti "Alter Mann", kunena kuti nyama ya nkhalamba. Kamwazi ndi chikasu zinkagoneka anthu ambirimbiri, ndipo Rommel mwiniwake anadwala mpaka kubwerera kwawo kukalandira chithandizo.

Pachimake panali Juni 1942. Atawazungulira Angerezi pa Gazala, ngakhale Afalansa a Koenig anamuchedwetsa masabata awiri pa Bir Hakeim, Rommel analanda Tobruk pa 21 Juni, n'kugwira asilikali pafupifupi 33,000, kuphatikizapo zikwi zambiri za a ku South Africa. Hitler anamukweza kukhala Field Marshal. Pangano linali loti apa aime, ayambe alanda Malta. Koma poona malole, chakudya ndi mafuta omwe anawapeza mu Tobruk, Rommel anapempha Hitler kuti apitirire mpaka ku Cairo, ndipo analoledwa. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Afrika Korps inafika pa El Alamein, makilomita 100 okha kuchokera ku Alexandria, ili ndi akasinja oyenda pafupifupi 55 ndi anthu ogona chiimire. Mussolini anali atauluka kale kubwera ku Libya kudzadikira tsiku lolowa mu Cairo mwaulemerero. Anadikira masabata atatu, n'kubwerera kwawo.

Pa El Alamein msampha wozungulira sukanatheka: kumpoto nyanja, kum'mwera chidikha cha Qattara chomwe galimoto zimatitimira. Auchinleck, jenerali wa Angerezi, anawaimitsa Ajeremani mu Julayi. Montgomery anawabweza pa Alam Halfa, mafuta omwe Rommel analonjezedwa ali pansi pa nyanja. Pa 23 Okutobala Angerezi anayamba kumenya ndi akasinja opitirira 1,000. Rommel anali kuchipatala, ndipo Georg Stumme yemwe ankamugwirira ntchito anafa ndi mtima m'mawa mwake. Pofika pa 3 Novembala Afrika Korps inatsala ndi akasinja pafupifupi 35, ndipo Hitler anatumiza lamulo loti apambane kapena afere pomwepo. Rommel anamvera tsiku limodzi, kenako anathawa. Divishoni ya Mataliyana ya Ariete inathera pomwepo, ndipo oyenda pansi a Italy ambiri anasiyidwa m'chipululu opanda galimoto.

Zotsatira ndizidutsa mwachangu. Pa 8 Novembala Amereka ndi Angerezi anatsikira ku Morocco ndi ku Algeria, kumbuyo kwa Rommel. Afrika Korps inabwerera mpaka ku Tunisia, inawaluma Amereka pa Kasserine mu Febuluwale 1943, n'kutaya akasinja opitirira 50 tsiku limodzi pa Medenine. Rommel anachoka mu Africa pa 9 Malichi, osabwereranso. Pofika pa 13 Meyi zonse zinatha, ndipo asilikali a Germany ndi Italy pafupifupi 250,000 analowa mu ukaidi.

Mukamaonera mafilimu mumva kuti imeneyi inali nkhondo yaulemu, yopanda chidani. Musameze zonse. Zoona, m'chipululu munalibe midzi yambiri yoti iwotchedwe ngati ku Russia. Koma Afrika Korps inkamenyera nkhondo Hitler yemweyo. Ajeremani atalowa mu Tunisia, gulu la SS (asilikali a chipani cha Hitler) la Walter Rauff linabwera nawo, ndipo Ayuda zikwi zingapo anagwiritsidwa ntchito yakalavula gaga. Asilikali akuda ogwidwa pa Tobruk analekanitsidwa ndi azungu n'kukakamizidwa kutsitsa katundu wa nkhondo padoko. Mmodzi wa iwo, Job Maseko wa ku South Africa, anapanga bomba m'kachitini n'kulibisa pakati pa migolo ya mafuta m'sitima ya Ajeremani, sitimayo n'kumira. Anapatsidwa Military Medal, koma anamwalira mu 1952 ali mmphawi.

Nkhani ya Maseko ikutibwezera kwa agogo anu. Anthu akuda analipo m'chipululu muja, ochokera ku South Africa ndi kum'mawa kwa Africa, monga madalaivala, onyamula ovulala ndi okumba maenje. Choncho chofunika ndi kudziwa gulu lenileni limene agogo analembedwamo. Ngati kumudzi kuli sutukesi kapena kachitini komwe amasungamo mamendulo awo, katsegulani. Mendulo ya Africa Star ndi nyenyezi ya nsonga 6, ya kansalu kotuwa ngati mchenga kokhala ndi mzere wofiira pakati. Imeneyo payokha siitsimikiza za Rommel, chifukwa ankaperekanso kwa omwe anamenya nkhondo ku Abyssinia ndi ku Somaliland. Muyang'ane pa kansaluko ngati pali kachitsulo kolembedwa 8th Army. Mukakapeza, agogo analidi m'gulu la Montgomery lomwe linathamangitsa Afrika Korps kuchoka pa El Alamein. Mukapeza Burma Star, ndiye kuti anawoloka nyanja kukakumana ndi Majapani m'matope a chigwa cha Kabaw. Jambulani mamendulowo mbali zonse, pamodzi ndi pepala lililonse lokhala ndi nambala yawo ya usilikali, munditumizire pa imelo yomweyi.