Kodi ana angaphunzire kusoka pa tchuthi popanda makina?

FUNSO: Ndili ndi ana atatu, mtsikana wa zaka 12 ndi anyamata awiri a zaka 9 ndi 7. Sukulu zikatsekera, amangokhalira kuonera kanema tsiku lonse. Ndikufuna aphunzire kusoka ndi ntchito zina zamanja, koma ndilibe makina osokera, ndiponso apongozi anga akuti singano si ya ana aamuna. Kodi ndiyambire pati? Mayi wa ku Chilomoni, Blantyre.

YANKHO: Mayi, musadandaule za makina, chifukwa mwana amene sanazolowere kugwira singano ndi ulusi amangoononga nsalu akakhala pa makina, mwinanso kudzibaya chala. Zofunika poyamba ndi singano, ulusi, sizasi, mabatani ndi zidutswa za nsalu, zimene atelala ambiri a pakhonde amangotaya ndipo sangakukanizeni mukawapempha mwaulemu.

Chimene ndingakulimbikitseni kwambiri n'chakuti ana ayambire pa zovala zawo zomwe, osati pa kansalu kongoyeserera. Batani lothothoka pa malaya a yunifolomu, thumba la kabudula lobooka, kapena mpendero wa diresi womasuka ndi maphunziro okwanira masabata awiri oyambirira. Mwana akavala chimene wakonza yekha tsiku lotsegulira sukulu, amanyadira ndipo amafuna kuphunzira zina. Wa zaka 7 mupatseni singano yaikulu yosasongoka kwambiri ndi chiguduli, popeza mabowo ake amaoneka bwino, ndipo musamusiye yekha ndi sizasi. Wa zaka 12 akhoza kufika posoka kachikwama ka mabuku kuchokera ku chitenje chakale, ngakhale kuika chigamba chooneka bwino. Ola limodzi m'mawa n'lokwana, chifukwa mwana akatopa misoko imayamba kukhota, ndipo mukamukalipira pamenepo adzadana nayo ntchitoyo. Msoko wokhota musaumasule nokha. Muonetseni pamene palakwika kuti amasule yekha.

Za apongozi anuwo, musakangane nawo. Ingowakumbutsani mofatsa kuti atelala ambiri amene timawaona m'misika ya ku Limbe ndi ku Ndirande ndi abambo, ndipo akudyetsa mabanja awo ndi singano yomweyo. Ngati iwo amadziwa kuluka mikeka ya mlaza kapena kuumba mbiya, apempheni aphunzitse adzukulu awo, pakuti luso lotere likutha m'matauni, ndipo gogo amene wapatsidwa gawo sachedwa kusiya kutsutsa. Anyamatawo akamapanga magalimoto a mawaya musawaletse, chifukwa m'menemo akuphunzira kuyeza ndi kupinda zinthu molondola.

Mtsikanayo akaonetsa chidwi chenicheni, mukhoza kupangana ndi telala amene mumamukhulupirira kuti azimuonetsa kupalasa makina masiku angapo pa sabata, inu kapena wachibale wamkulu ali pomwepo. Kumbukirani kuti lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, choncho apite kukaphunzira, osati kukasokera makasitomala. Akadzamaliza sekondale n'kufunabe kupitiriza, sukulu za ntchito zamanja zovomerezeka ndi TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja, zimaphunzitsa utelala mpaka kupereka satifiketi, ndipo nthawi imeneyo mudzaganize zogula makina.