Yankho kwa Madam amene afunsa za app yojambulira mapepala mkalasi

Madam, mwafunsa pagulu lathu lino la aphunzitsi ngati ma app ojambulira mapepala pafoni aja, monga CamScanner, ali ndi phindu mkalasi poti ana athu alibe mafoni komanso sukulu siilola mwana kubwera nayo. Ine ndimaphunzitsa masamu pa CDSS ina kuno ku Mulanje, mbali ya ku Limbuli, ndipo ndikuti phindu lilipo ndithu, kungoti app imeneyi ndi ya inuyo mphunzitsi osati ya mwana ayi. Mwana chimamufika ndi pepala kapena zomwe mwalemba pabolodi, foni imangokhala pakati.

Ine chinandiyambitsa ndi namondwe wa Freddy. Mu Malichi 2023 madzi analowa mu ofesi mwathu mpaka m'makabati, mapepala a mayeso akale a MANEB omwe tinatolera zaka ndi zaka, ma scheme, buku la malikisi a ana, zonse zinangomatirirana. Tinayanika pa kapinga masiku atatu koma ukati utsegule tsamba limangonyotsoka, inki itayenderera yonse. Zinandipweteka kwambiri chifukwa mapepala ena anali a aphunzitsi omwe anapuma kalekale ndipo kwina sitikanawapezanso. Kuchokera pamenepo pepala lofunika likangodutsa m'manja mwanga ndimalijambula kaye.

Ena amati bwanji osangojambula ndi kamera wamba. Yesani mukapulinte mudzaona. Chithunzi wamba chimatuluka chakuda mbali imodzi, chopendekeka, tebulo ndi chala chanu zili momwemo, ndipo wa fotokope amadandaula kuti mukumuthera inki. App ija imapeza yokha ngodya zinayi za pepala, nkuliwongola, nkuliyeretsa kuti zilembo zokha zitsale zakuda, kenako masamba onse imawaika mu failo imodzi ya PDF motsatana, osati zithunzi 12 zobalalika zoti munthu azisakasaka kuti tsamba 3 lili pati.

Za app yake musavutike nazo. Ngati foni yanu ndi ya Android, kaya Tecno kaya itel, nthawi zambiri Google Drive, app yosungira mafailo pa intaneti, imakhalamo kale, mukaitsegula pali kachizindikiro ka kamera kapena mudine pa + nkusankha Scan, basi. Ndi yomwe ndimagwiritsa ine chifukwa siidya malo ena mufoni ndipo foni ikabedwa mu minibasi mapepala anu mumawapezabe mukalowa ndi imelo yanu pafoni ina. Vuto lake imafuna netiweki kuti ikweze, nde kuno kwathu pena umachita kukaima pamsewu. CamScanner ndiyabwino koma yaulereyo imadinda dzina lake pansi pa tsamba lililonse ndi zotsatsa malonda zambirimbiri, komanso mu 2019 inachotsedwapo kwakanthawi pa Play Store a kampani yoteteza makompyuta ya Kaspersky atapezamo kachilombo, nde ngati mwaikonda itengeni pa Play Store pomwepo, osati yongopatsana pa Xender yosadziwika kochokera. Adobe Scan nayo ilipo, imafuna mutsegule akaunti kaye.

Kajambulidwe ndiye nkhani yaikulu. Ine ndimakoka desiki kufupi ndi windo, masana, tochi ya foni osayatsa chifukwa imawalitsa pakati pa pepala zilembo nkusowa. Pansi ndimayala chitenje chakuda kuti app ione bwino pothera pepala, pa tebulo loyera imasokonezeka nkudula mzere womaliza. Nyengo ya chiperoni mapepala amapindika ndi chinyezi, nde ndimatsindira ngodya ndi timiyala kapena ndalama zachitsulo, foni kuigwira mowongoka pamwamba, nkuimirira mbali yoti chithunzithunzi cha dzanja chisagwere papepala. Pukutaninso kamera ndi nsalu, fumbi la choko limamatirira pagalasi paja munthu nkumaganiza kuti foni yatha. Ndipo ngati mwana walemba ndi pensulo musasankhe black and white, imafufuta zonse, sankhani ya mtundu kapena grayscale.

Mkalasi mwenimwenimo chomwe chinandisangalatsa si mapepala a mayeso ayi koma makope a ana. Temu yatha mtsikana wina wa Fomu 3, wofatsa woti sakweza dzanja, anasova samu ya simultaneous equations mwa njira ina yachidule kuposa yomwe ndinawaonetsa. Ndinapinda pamwamba pa tsamba kubisa dzina, nkujambula, madzulo kukapulinta makope 10, mawa lake gulu lililonse kulipatsa limodzi kuti lipeze zomwe mnzawoyu anachita pa mzere wachitatu. Anakangana mpaka belu, ena akuti walakwitsa ena akuti ayi, mwiniwake ali phee pakona akumwetulira. Ana akaona dzanja la mnzawo amakhulupirira kuti samuyo ndi yotheka, kusiyana ndi dzanja la aphunzitsi pabolodi. Zolakwika nazo ndimachita chimodzimodzi koma pamenepo ndimakopera ndekha pabolodi kuchokera mufoni, chifukwa anawa amadziwana kalembedwe ndipo mwana akhoza kusekedwa temu yonse.

China ndi mabuku. Pena buku limakhala limodzi sukulu yonse, aphunzitsi atatu kumalandirana, nde kujambula masamba awiri atatu a mutu wa sabata imeneyo kumakupulumutsa kuti ukonzekere kunyumba usiku. Koma kujambula buku lonse nkumaligawa m'magulu kapena kugulitsa, ayi Madam, olemba mabukuwa ndi anzathu omwe ndipo a COSOMA, bungwe loteteza umwini wa zolemba, alipo chifukwa cha zimenezi.

Potumizirana pa WhatsApp tumizani ngati Document, mukatumiza ngati chithunzi imachifinya ndipo manambala ang'onoang'ono apamwamba aja sawerengeka, 2 ndi 3 kungofanana. Ngati muli pasukulu imodzi musaonongenso bandulo, Bluetooth kapena Xender zikwanira. Ndipo chonde perekani dzina ku failo nthawi yomweyo, monga F4 Masamu Pepala 1 2022, chifukwa pakatha miyezi iwiri mudzakhala ndi mafailo 60 onse otchedwa Scan ndi deti.

Zoti app imatha kuwerenga zilembo nkukulemberani yokha nzoona, Google Lens imachita zimenezo ndipo pa Chingerezi chotayipidwa imayesetsa, koma zolemba pamanja ndi masamu imaphonya kwambiri, ndipo pa Chichewa ndaonapo ŵ ikusanduka w, kachizindikiro ka pa ng' kakusowa. Inu a ziyankhulo muziwerenganso mzere ndi mzere musanapatse ana.

Chomwe ndikupempheni kwambiri ndi ichi, mayeso omwe ana sanalembe musawasunge mufoni yomwe ana akunyumba amaseweretsa, ndipo musawaponye pagulu ngati lino ngakhale muli aphunzitsi okhaokha. Zinatichitikirapo, mayeso a pakati pa temu anafika kwa ana tsiku lisanakwane kudzera pafoni ya mnzathu yomwe mphwake ankaonerapo mpira, tinachita kukhala pansi usiku kupanga ena. Malikisi a ana okhala ndi mayina nawonso si oponya paliponse. Ikani loko pafoni, ndipo mayeso akapulintidwa fufutani failoyo mu WhatsApp ya kwa wa fotokope, muime pompo aifufutenso iyeyo pa kompyuta yake inu mukuona.