Mkazi wako akulira, nanga akumuphikira phala ndani?

Nkhani yako ndaimva, mwamuna wanga wa ku Chinamwali. Ukuti mkazi mnzanga chichirireni mwezi watha uja sakudya, tulo sakuona ngakhale mwana atagona, misozi imangotsika popanda womuputa, ndipo khanda akalinyamula amaliyang'ana ngati la eni. Mayi ako akuti ndi ulesi wa atsikana a masiku ano, azakhali ako akuti pali dzanja la munthu. Ndiye ukufunsa kuti upite naye kwa asing'anga kapena ku Mental.

Wathamanga, mdzukulu wanga. Ukanayamba wandiuza kuti iwe ukapita ku ntchito m'mawa, m'nyumba ya lendi ija mkaziyo amatsala ndi ndani.

Ife pobereka tinkalowa m'chikuta. Mpaka mchombo wa mwana utagwa, mthiko sunkaugwira, kuchitsime sunkapondako. Amayi ako akuphikira phala la mgaiwa lotendera nsinjiro, akulu ako akufunditsira madzi osamba, wina wabwera ndi thobwa, wina ndi mtolo wa nkhuni. Amuna ankangomvera panja. Usiku agogo ankayala mphasa pambali pako, mwana akalira iwo ndiwo ankayamba kudzuka, kukugwedeza kuti uyamwitse basi, kenako kumutenganso. Kwathu ku Jali mwamuna ndiye ankabwera kudzakhala chikamwini, choncho mkazi ankachirira pakati pa abale ake enieni. Ndikukumbukira mng'ono wanga atabereka mwana wake woyamba, nyengo ya matemba ochuluka ku Chilwa. Anangoti zii, kuyankhula ayi, kuseka ayi. Agogo athu sanamufunse zambiri. Anangolamula kuti asasiyidwe yekha ngakhale popita kubafa, ndipo amayi a m'mudzi ankasinthana kudzakhala naye, akusenda mtedza, akumuluka tsitsi, akunena miseche ya m'mudzi wonse mpaka tsiku lina nayenso anaponyapo yake. Ngakhale atatuluka m'chikuta, mwana atametedwa ndi kupatsidwa dzina, ntchito zolemetsa anamupumitsabe.

Sindikunena kuti zonse zinali zokoma. Tinaika m'manda anzathu ambiri otaya magazi, ndipo boma litaletsa azamba kubereketsa mu 2007, ine sindinadandaule. Kuchipatala muzipita ndithu. Koma mwabweza azamba n'kubweza ndi mphasa ya agogo yomwe. Lero mkazi atuluka ku Zomba Central Hospital, mawa lake ali pambaula, akuchapa matewera yekha. Anzake anavina naye mimba isanachire, kujambulana zithunzi, kudya keke. Mwana wabadwa, angotumiza timaluwa pa WhatsApp. Timaluwa ta pafoni sitichapa matewera, ana inu.

Tsono zomwe zamugwira mkazi mnzangazi ndi matenda, ndipo usachite nazo mantha. Amayi ambiri amalira m'masiku oyambirira, thupi likamabwerera m'malo mwake, koma izo zimatha zokha masabata awiri asanakwane. Zikapitirira, munthu osamva kukoma chilichonse, kumangodziona wolephera, kumaganiza kuti mwanayo angakule bwino iye kulibe, amenewo ndi matenda okhumudwa, aja a kuchipatala amati depression. A bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, amati m'maiko osauka ngati lathu amagwira amayi pafupifupi 20 mwa 100 alionse amene angobereka kumene. Kusowa tulo, kusowa ndalama, mwamuna waukali ndi kusungulumwa zimawonjezera moto. Amagwira wopemphera ndi wosapemphera yemwe, wophunzira ndi wosaphunzira.

Pita naye kuchipatala chapafupi, ku Matawale konko, ndipo iwe ukalowe naye. Akazi tili ndi khalidwe loti namwino akafunsa timangoti tili bwino. Ukanene wekha za kusadya, za tulo, za misozi. Alipo anamwino ophunzira za matenda a maganizo, amakhala naye pansi munthu n'kumamvetsera, ndipo pakafunika mankhwala, alipo oti mayi angamwe akuyamwitsa. Akayamba kumwa asasiye chifukwa choti sabata yatha osaona kusintha, mankhwala amenewa amachedwa kugwira. Za Zomba Mental Hospital nazo musiye kuopsezana. Chipatalacho chakhala pano kuyambira 1953, tinakula tikuchiona, ndipo anthu ambiri amapitako kukaonana ndi dokotala n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo.

Pali zina zimene sizidikira kuti kuche. Akayamba kunena zodzipha kapena zopweteka mwana, akamamva mawu amene enanu simukuwamva, akamayankhula zosokonekera n'kutha masiku osatseka chikope, mutengeni nthawi yomweyo. Musamusiye yekha ndi khanda, ndipo mankhwala a m'munda aja a mbozi ndi makoswe uwachotse m'nyumbamo. Kwa asing'anga mukangotayako nkhuku ndi nthawi, n'kubwerako mutadana ndi mbale wosalakwa. Abusa kapena a shehe abwere adzapemphere, palibe choletsa, koma kuchipatala apitebe.

Mayi ako ndiyankhula nawo ndekha. Aiwala msanga kuti pobereka iwe anakhala mwezi wathunthu ine ndikuwapatsira madzi m'manja. Mawu oti ulesiwo asakafike m'makutu mwa mkazi mnzanga, mumtima mwake akudziimba kale milandu yokwanira.

Iwe usikuuno mwana akalira dzuka, umubereke kumbuyo, palibe mwamuna anaphukapo mabere chifukwa cha chitenje. Ndipo Loweruka lino tumiza ndalama ya minibasi kwa apongozi ako, abwere adzagone pabalazapo mwezi umodzi. Ngati munda wawamanga miyendo, bwera udzanditenge ine. Mawondo ndiwo akukana, koma phala ndimathabe kuphika.