Boma lichepetse mphamvu kapena magetsi? Mafunso pa mawu a makompyuta ndi chilengedwe

Mafunso a ulendo uno onse agona pa nkhani imodzi: tinganene bwanji m'Chichewa zimene maboma ambiri akuchita pofuna kuti makompyuta awo asamadye magetsi ochuluka, ndiponso kuti asamawonjezere mpweya umene ukusokoneza nyengo? Mafunsowo ndawafupikitsa, koma mfundo za eni ake sindinazikhudze.

Loyamba lachokera kwa mayi wina amene amamasulira zikalata za boma. Iwo akuti: "Aphunzitsi, ndinalemba kuti boma likufuna kuchepetsa mphamvu m'maofesi ake. Mnzanga atawerenga anandifunsa ngati pali akuluakulu amene akulandidwa maudindo. Ndinalakwitsa pati?"

Mnzanuyo anamva bwino, mayi. Mawu akuti mphamvu asenza zambiri: nyonga za thupi, ukali wa mankhwala, komanso ulamuliro. Akangoyandikana ndi mawu akuti boma, khutu la Mchewa limathamangira ku ulamuliro. Tchulani chinthucho ndi dzina lake: magetsi. Lembani kuti, "Boma likufuna kuti makompyuta ake azidya magetsi ochepa." Ena amaopa mneni wakuti kudya, ati ndi wa mumsewu, sayenera kulowa m'chikalata cha boma. Ine sindigwirizana nawo. Timati galimoto imadya mafuta, ndipo palibe amene amasokonezeka. Mneniyu amaonetsa kuti chinthu chikutha ndipo wina adzalipira. Ngati nkhaniyo ikukhudzanso majenereta a dizilo amene amayaka magetsi akazima, nenani kuti magetsi ndi mafuta.

Pali malo amodzi pamene mawu akuti mphamvu ndi oyenera, ndipo apa m'pofunika kusamala. Mphamvu ya chipangizo ndi kuchuluka kwa magetsi amene chimakoka pa nthawi imodzi, ndipo timaiyeza m'mawati. Magetsi amene chadya ndi nkhani ina: amadalira kutalika kwa nthawi imene chakhala chikuyaka, ndipo timawawerenga m'mayunitsi. Kompyuta yokoka mawati 100 ikayaka maola 10 imadya yuniti imodzi. Makompyuta 1,000 otere akasiyidwa osazimitsa usiku wa maola 14, mayunitsi 1,400 apita popanda aliyense wogwira ntchito. Womasulira akasakaniza ziwirizi, nduna imawerenga chiwerengero chimene sichikutanthauza kanthu.

Mayi omwewa afunsanso ngati n'kolondola kunena kuti kupulumutsa magetsi. Ayi. Timapulumutsa chimene chili pangozi, monga mwana amene wagwera m'madzi. Magetsi sali pangozi. Kusunga magetsi nakonso kuli ndi tanthauzo lakelake, ndiko kuwaika m'mabatire kuti adzagwire ntchito nthawi ina. Chimene mukufuna kunena ndi kusamala magetsi, kapena kusasakaza magetsi.

Funso lachiwiri ndi la bambo wina wolemba nkhani: "Chiyambireni sindinaonepo kompyuta ikufuka utsi pokhapokha itapsa. Nanga bwanji tikulemba kuti makompyuta a boma achepetse utsi?"

Mwafunsa bwino, bambo, ndipo pano ndichedwapo pang'ono. Utsi umaoneka, umatsamwitsa, umadetsa khoma. Chimene chikutenthetsa dziko kawirikawiri sichioneka ndipo sichinunkha. Choncho mawu oyambira ndi mpweya. Ambirife tinaphunzira kusukulu kuti pali mpweya wabwino umene timakoka ndi mpweya woipa umene timatulutsa, ndipo olemba ambiri amangotola mawu akuti mpweya woipa. Ali ndi zovuta ziwiri. Choyamba, amakumbutsa za fungo, mwinanso za m'mimba, pakuti ndi mmene timanenera zimenezo mwaulemu. Chachiwiri, mpweya umene timatulutsawo, womwe ndi mpweya wa kaboni, si woipa mwa iwo wokha. Mitengo ndi zomera zonse zimaudalira. Vuto lake ndi kuchuluka mumlengalenga, kumene umatsekereza kutentha kuti kusachoke. Ine ndimakonda kunena kuti mpweya wotenthetsa dziko, chifukwa mawuwa akunena ntchito imene mpweyawo ukuchita.

Mukhozanso kuchulukitsa n'kunena kuti mipweya, pakuti si umodzi. Pangano la mayiko lokhudza kusintha kwa nyengo, la ku Kyoto ku Japan mu 1997, linatchula mitundu isanu ndi umodzi. Pakati pake pali mipweya yotchedwa HFC, imene imakhala m'makina oziziritsa zipinda, omwe aja amateteza makompyuta akuluakulu kuti asatenthe. Mu 2016 mayiko anagwirizana ku Kigali kuti ayambe kuichepetsa.

Tsono kompyuta siitulutsa yokha mpweyawo. Imachititsa kuti utuluke kwina. Mneni wakuti kuchititsa ndiye mwini nkhani pano. Mpweya wina umatuluka pa jenereta imene ili kuseri kwa ofesi, ndipo pamenepo mawu akuti utsi ndi oona. Wina umatuluka kutali, kumene akuwotcha malasha, gasi kapena mafuta kuti apange magetsi amene ofesiyo ikugula. Wina unatuluka kale, m'migodi ndi m'mafakitale, kompyutayo isanafike n'komwe pa desiki. Akatswiri owerengera mpweyawu amaugawa m'magulu atatu ofanana ndi amenewa. Wolemba akangoti "utsi wa makompyuta", owerenga amayang'ana pa desiki, saona kanthu, n'kuganiza kuti nkhaniyo ndi yabodza.

Bambowa analemba m'kalata yawo kuti "mpweya oipa". Ndikonzeko pang'ono, chifukwa cholakwika chimenechi chafala kwambiri pa intaneti. Mpweya uli m'gulu limodzi ndi mtengo ndi munda, ndiye timati mpweya woipa, mpweya wotenthetsa. O wopanda w ndi wa mayina onga makompyuta, magetsi ndi makina: makompyuta akale odya magetsi, makina oziziritsa. Ikakhala imodzi timati kompyuta yoyaka. Mipweya nayo imatenga yo: mipweya yotenthetsa.

Wachitatu ndi mnyamata amene akuphunzira za makompyuta. Akufuna kudziwa dzina la Chichewa la data centre, ndipo akuti ena am'patsa mawu akuti nkhokwe ya uthenga. Afunsanso ngati cloud angaitche mtambo.

Nkhokwe ndi mawu okoma, mwana wanga, koma akunena theka la nkhani. Zimene zili m'nkhokwe zimangokhala phee kudikira mwini wake. M'nyumba imene ukunenayo makina amagwira ntchito usana ndi usiku: kuwerengera malipiro a ogwira ntchito m'boma, kusanthula misonkho, kuyankha aliyense wofuna chiphaso pa intaneti. N'chifukwa chake imadya magetsi kwambiri. Bungwe loona za magetsi ndi mafuta la International Energy Agency linawerengera kuti mu 2024 nyumba zoterezi pa dziko lonse zinadya mayunitsi pafupifupi 415 biliyoni, omwe ndi pafupifupi 1.5 peresenti ya magetsi onse a pa dziko. Anthu a ntchitoyi amatchula makinawo kuti seva, akachuluka maseva. Mawuwa alowa kale m'Chichewa ndipo akumvera malamulo ake, monga zinachitira kompyuta ndi makompyuta. Ndiye nena kuti nyumba ya maseva, kapena chipinda cha maseva ikakhala yaing'ono. Aliyense aona m'maganizo mwake nyumba, makina, mawaya ndi mita ya magetsi.

Dzina loonetsa nyumba limathandizanso pofotokoza zimene maboma amachita. Boma la United States linali ndi nyumba za maseva 432 mu 1998, koma pofika mu 2010 zinali zitapitirira 2,000, chifukwa nthambi iliyonse inkamanga yakeyake, maseva ambiri n'kumangoyaka ali ndi ntchito yochepa. M'chaka cha 2010 chomwecho linayamba kutseka zina ndi kusonkhanitsa ntchito zake m'nyumba zochepa. Pa zimenezi mneni wabwino ndi kuphatikiza.

M'zikalata ukumananso ndi zilembo zakuti PUE. Usavutike kuzimasulira, ungofotokoza. Ndi muyeso woyerekeza magetsi onse olowa m'nyumba ya maseva ndi magetsi amene afikadi ku maseva. PUE ikakhala 2, ndiye kuti pa yuniti iliyonse imene seva yadya, yuniti inanso yathera ku zoziziritsa, ku nyale ndi m'njira. Ikamayandikira 1, magetsi otayika ndi ochepa. Dziko la Germany linakhazikitsa lamulo mu 2023 lakuti nyumba zatsopano za maseva zoyamba ntchito kuchokera mu July 2026 zisamapitirire PUE ya 1.2.

Za mtambo ndikukana. Kwa ife mtambo ndi wa mvula, uli kumwamba, ulibe mwini ndipo sulipiritsa. Cloud ndi maseva a kampani ina, ali m'nyumba ina pansi pompano, ndipo amadya magetsi ngati ena onse. Boma likasamutsira ntchito zake kumeneko, bilu ya magetsi ya ofesi imatsika, koma magetsiwo akudyedwabe kwina. Nthawi zambiri nyumba zikuluzikuluzo zimasamala magetsi kuposa tizipinda ta m'maofesi, komabe mpweya wake uyenera kuwerengedwa pa dzina la boma limene likuzigwiritsa ntchito. Mawu akuti mtambo amabisa zonsezi. Lemba cloud momwemo, ndipo poyamba penipeni ufotokoze kuti ndi maseva obwereka amene timawafikira kudzera pa intaneti.

Funso lotsiriza ndi lalifupi, lochokera kwa mayi wina wogwira ntchito yogula katundu wa ofesi: "Kodi tinganene kuti makompyuta obiriwira?"

Musatero, mayi. M'Chichewa kubiriwira ndi maonekedwe a tsamba, basi. Munthu akamva makompyuta obiriwira afunsa za penti. Nenani chimene mukufuna pa katunduyo: makompyuta osadya magetsi ambiri, okhalitsa, otheka kukonza. Oyambawo amadziwika ndi zizindikiro monga Energy Star, chimene chinayamba mu 1992 ku United States, ndipo chinayambira pa makompyuta ndi masikirini. Koma mawu akuti okhalitsa musawasiye. Pa laputopu, gawo lalikulu la mpweya wotenthetsa dziko limatuluka poipanga, osati poigwiritsa ntchito, ndiye ofesi imene imasintha makompyuta abwinobwino zaka zitatu zilizonse imachititsa mpweya wambiri kuposa imene imawakonza n'kuwagwiritsa ntchito zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Otayidwawo amakawonjezera pa mulu wa zipangizo zonse zoyendera magetsi zimene anthu amataya, umene m'chaka cha 2022 chokha unakwana matani 62 miliyoni pa dziko lonse, ndipo osakwana kota ya muluwo ndiwo anatoleredwa ndi kukonzedwanso mwa dongosolo. Pa mulu umenewu ena amati zinyalala za magetsi, koma mawuwa akumveka ngati magetsiwo ndiwo atayidwa. Ine ndimati zipangizo zamagetsi zotayidwa, ndipo m'fomu yanu yogulira katundu muikemo mzere wofunsa wogulitsa kuti zikadzatha ntchito adzazitenga ndani.