Kukagona pa boti la matanga pa Khrisimasi: yankho kwa mayi a ku Bvumbwe

Mayi ena a ku Bvumbwe anditumizira imelo ndipo andilola kuti ndiwayankhire pano. Akuti alamu awo amene amagwira ntchito ku Mangochi anasonkherana ndi anzawo n'kugula boti laling'ono la matanga. Tsopano aitana mayiwa, amuna awo ndi mwana wawo wa zaka 9 kuti pa tchuthi cha Khrisimasi akayende panyanja masiku atatu, kugona m'boti momwemo, kuchokera ku Monkey Bay kuzungulira zilumba za ku Cape Maclear. Funso lawo ndi ili: "Ine kusambira sinditha, madzi akuya amene ndimawadziwa ndi a padamu la pa esiteti basi. Kodi ndipite? Nanga ndikapita ndikapeza zotani?"

Achemwali, pitani. Koma muyambe mwakambirana ndi alamu anuwo za mwezi wake. Zoti simutha kusambira sizikundidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa zimenezo zili ndi mankhwala ake. Chikundidetsa nkhawa ndi Disembalayo.

Zithunzi zambiri za maboti a matanga zimene timaona pa Facebook ndi za ku Ulaya, kumene nyengo yotentha ya Juni mpaka Ogasiti ndiyo ya bata, ndipo ndi nthawi yomweyo imene anthu amakhala pa tchuthi. Kwathu kuno tchuthi chachikulu chimagwera pakati pa dzinja, ndipo nyanja yathu siyendera kalendala ya ofesi. Imayendera mphepo, ndipo mphepo zake zili ndi mayina amene msodzi aliyense wa ku Chembe, mudzi wa pa gombe la Cape Maclear, amawadziwa kuyambira ali mwana.

Yotchuka ndi mwera, yochokera kummwera chakum'mawa, imene imalimba kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti. Inu ndi ine a kuno ku Thyolo ndi Mulanje timaidziwa mwanjira ina. Chiperoni akatsika, phiri la Mulanje n'kubisika, anthu othyola tiyi akunjenjemera m'mapepala apulasitiki, dziwani kuti kawirikawiri kunyanja mwera wavuta, chifukwa ndi mpweya womwewo wochokera ku nyanja ya mchere. Nyanja ya Malawi ndi yaitali makilomita oposa 550 ndipo inagona chakumpoto ndi kummwera, choncho mphepo yoyenda motsata utali wakewo imakhala ndi mtunda wokwanira kukuza mafunde. Mafunde ake sakhala aatali ndi ofatsa ngati a kunyanja ya mchere. Amakhala afupiafupi, ochindikala, omenya boti motsatizana osalipatsa mpata. Sitima ya Vipya imene inamira mu Julaye 1946 kumpoto kwa nyanjayi, anthu 145 n'kufa, inali sitima yachitsulo yatsopano, osati kaboti ka alamu anu.

Komabe mwera uli ndi ubwino umodzi: umadziwika. A zanyengo amachenjeza pawailesi, umaomba masiku angapo kuchokera mbali imodzi, kenako umaleka. Gombe la Cape Maclear linayang'ana kumpoto chakumadzulo, ndiye mwera ukamaomba mapiri amalitchinga. N'chifukwa chake akatswiri amachita mpikisano wawo wa maboti a matanga m'miyezi yachisanu yomweyo.

Dzinja ndi nkhani ina. Mphepo imatembenuka n'kukhala mpoto, ndipo malo omwe aja amene anali obisika nthawi ya mwera amasanduka poyera, mafunde akubwera kuchokera kutali kudzathera pagombe pomwe mwaponya nangula. Choopsa kwambiri ndi mvula ya mabingu. Kumacha bwinobwino, madzi ali phee, thukuta lili kamukamu, matanga akungolendewera. Masana mtambo wakuda uja waunjikana pamwamba pa mapiri, ndipo mvula isanafike imatsogoza chimphepo chozizira chimene chimagwa mwadzidzidzi kuchokera mbali imene simumayembekezera. Woyendetsa wozolowera amauona mtambowo n'kutsitsa matanga nthawi ikadalipo. Wongophunzira kumene amazindikira boti litapendekeka kale. Onjezanipo mphezi, inu muli pansi pa mlongoti wachitsulo umene ndi chinthu chachitali kuposa chilichonse pamadzipo. Si tsiku lililonse la Disembala limene limatero, alipo masiku okoma zedi. Koma ulendo woyamba, muli ndi mwana, ine sindingasankhe mwezi wa mwayi.

Ndikanakhala inu ndikanapempha pakati pa Okutobala, cha pa Tsiku la Anakubala, mwera utafooka mvula isanayambe. Kumatentha, inde, ndipo m'mawa mwina kumaomba vuma kuchokera kum'mawa, koma madzi amakhala oyera mpaka kuona miyala pansi. Apo ayi, kumapeto kwa Epulo, mvula itatha mapiri akadali obiriwira. Zikakanika ndithu kusintha, poti tchuthi sitidzipatsa tokha, gwirizanani musananyamuke kuti muziyenda m'mawa mokha, pofika 2 koloko masana mukhale mutafika pobisala, ndipo kukada mitambo mukagona kumtunda popanda wina kunyinyirika za ndalama ya malo ogona.

Pali ena a kuno ku Mulanje amene amadutsa pa Muloza kupita ku Quelimane ndipo amandifunsa zofananazi za gombe la Mozambique. Kumeneko dzinja ndi nyengo ya anamondwe, kuyambira Novembala mpaka Epulo. Freddy uja amene anatigumulira mapiri mu Malichi 2023 anatulukira kumtunda cha ku Quelimane komweko. Komanso madzi a kumeneko amakwera ndi kuphwa mamita angapo kawiri patsiku, moti pomwe mwaima m'mawa masana pakhoza kukhala matope. Nyanja yathu ilibe zimenezo.

Tsopano za botilo. Simunanene kukula kwake, koma maboti otere ambiri amakhala a mamita 7 mpaka 9. Mkati muli timabedi topapatiza, kambaula ka gasi, ndi denga loti munthu wamtali aziyenda chowerama. Musatenge sutikesi, ilibe poiika. Chikwama chofewa chimodzi aliyense, zitenje ziwiri, juzi imodzi ya usiku, chipewa chokhala ndi chingwe, ndi nsapato zosaterera. Foni muiike m'jumbo yomanga bwino.

Chimene chimaopsa anthu tsiku loyamba ndi kupendekeka. Mphepo ikadzaza m'matanga boti limagonera mbali imodzi, madzi n'kumaoneka pafupi ndi chigongono chanu, ndipo mtima umati tagubuduzika. Ayi. Ngati lili boti logonamo anthu, kawirikawiri pansi pake pamakhala chitsulo cholemera chotchedwa keel, chimene chimalikoka kuti liimirire, ndipo likamapendekeka mphepo imapulumukira pamwamba pa thanga. Ndi mmene linapangidwira. Mukaona kuti zakukulirani nenani, woyendetsa achepetse thanga. Woyendetsa wabwino sakwiya ndi pempho limenelo, ndipo amene angakusekeni ndi woti mumukayikire pa zina zomwe.

Chachiwiri ndi kuchedwa. Kaboti kotere kamayenda makilomita 7 mpaka 9 pa ola mphepo ikakhala yabwino, kabaza wa njinga yakapalasa akhoza kukupitirirani. Ndiponso sikangalunjike kumene mphepo ikuchokera. Kamapita chopingasa, kutembenuka, kupingasanso, mpaka kufika. Chilumba mukuchiona apo chikhoza kukudyerani maola atatu. Anthu ozolowera minibasi ya Limbe amavutika nazo zimenezi, amangofunsa kuti tifika nthawi yanji. Palibe amene akudziwa, ngakhale mwini boti. Potembenukapo ndi pamene pali ngozi yeniyeni ya tsiku ndi tsiku: mtengo wopingasa wa kunsi kwa thanga, umene amautcha boom, umasesa kuchoka mbali ina kupita ina pa msinkhu wa mutu wa munthu. Woyendetsa akafuula kuti tikutembenuka, weramani, ndipo mwanayo mumuphunzitse zimenezi musanachoke padoko.

Za kusambira. Ngakhale wodziwa kusambira sangapikisane ndi nyanja imene malo ena ndi yakuya mamita pafupifupi 700. Chimapulumutsa munthu ndi jekete yoyandamitsa, yovala nthawi zonse boti likamayenda, osati yokhalira ngati pilo. Yanu ikhale yothina bwino, ya mtundu wokhala ndi kolala imene imatembenuza munthu kuti nkhope iyang'ane kumwamba. Ya mwana ikhale ya msinkhu wake ndipo ikhale ndi lamba wodutsa pakati pa miyendo, chifukwa mwana akavala ya wamkulu imamuvuka akangogwera m'madzi. Musakhulupirire mawu oti majekete alipo. Apempheni alamu anu akutumizireni chithunzi pa WhatsApp. Mukafika, tsiku loyamba lomwelo lowani nayo m'madzi ofika m'chiuno, mugone chagada, mumve mmene imakunyamulirani. Mantha ambiri amathera pomwepo. Poyenda pabotipo dzanja limodzi lizikhala litagwira chinthu cholimba. Wina akagwa, ntchito yanu inu ndi kufuula, kumuponyera choyandama, ndi kumuloza ndi chala osachotsa maso, poti mutu wa munthu umasowa msanga m'mafunde. Musalumphire kukamutenga.

Nseru imagwira aliyense, ngakhale asodzi ena. Khalani panja, muziyang'ana mapiri akutali, musalowe mkati kukawerenga mauthenga pafoni. Idyani pang'ono musananyamuke, osati chips chamafuta, ndiponso osati kunyamuka ndi njala. Ena jinja amawathandiza. Mapiritsi ake aliko ku famase koma amagonetsa, ndipo za mwana mufunse kaye kuchipatala.

Pali nkhani imene amuna oitana anzawo pa boti amaiwala kunena, ndiye ndinene ine: chimbudzi. Maboti ena ali ndi kachimbudzi kopopa ndi dzanja kuseri kwa katani, ena ali ndi chidebe basi. Funsani, kuti musakadzidzimuke muli pamaso pa alamu. Chitenje chimathandiza pa zambiri.

Zakudya tengani zakwanu, kumeneko zimadula. Nthochi, mapeyala osapsa kwambiri, nanazi, mbatata yophikaphika, mtedza wokazinga, tiyi. Nsima imaphikika boti likaima pabata, koma likamayenda mphika wa madzi owira ndi mdani. Gasi azitsekedwa pa silinda penipeni mukamaliza, chifukwa ndi wolemera kuposa mpweya, akatuluka amatsikira pansi pa boti n'kukhala pomwepo kudikira machesi. Madzi akumwa tengani ochuluka kuposa mmene mukuganizira. Mowa udikire nangula atagwira.

Malo amene alamu anu asankha ndi abwino, pamenepo ndiwayamikire. Monkey Bay ndi doko lobisika bwino, kwawo kwa Ilala imene yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951. Kuchoka apo mumazungulira mapiri a Nankumba, n'kudutsa pa kampata kopapatiza ka pakati pa mtunda ndi chilumba cha Domwe, kenako Chembe ili apo, Thumbi patsogolo pake, Mumbo chapatali makilomita 10. Zilumbazi ndi mapiriwa zili m'paki ya Lake Malawi National Park imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Pali ndalama yolowera, ndipo kuwedza n'koletsedwa mamita 100 kuchokera pagombe la paki. Mwana wanuyo mbedza aisiye kunyumba, mumupezere magalasi oonera pansi pa madzi. Pa miyala ya Thumbi mbuna zabuluu ndi zachikasu zimabwera mpaka kukhudza zala, ndipo nkhwazi zimatsika kudzatola nsomba pamaso panu. Kwa mwana wokulira m'minda ya tiyi, zimenezi n'zokwanira ulendo wonse.

Usiku asodzi a usipa amatuluka ndi nyali zawo, nyanja yonse n'kuoneka ngati tauni. Ndi zokongola mukamaonera muli pa nangula, koma pakati pa nyalizo pali maukonde, ndi chifukwa chinanso chosayendera usiku. Tulo ta pa boti si tambiri. Chingwe chimalira, madzi amagunda m'mbali, ndipo woyendetsa wosamala amadzuka kangapo kuona ngati nangula sakukokeka. Udzudzu umafika mukaima pafupi ndi mtunda, neti musaisiye. Kufupi ndi mabango ndi pa mathiriro a mitsinje musasambe, kumeneko n'kwa ng'ona ndi mvuu. Likodzo nalo lilipo m'madzi osaya a pafupi ndi midzi, ku Cape Maclear n'kodziwika nalo. Mukabwerako dikirani miyezi iwiri kenako nonse atatu mukayezetse. Mankhwala ake, praziquantel, ndi akumwa tsiku limodzi.

Kuchokera ku Bvumbwe mudzera ku Limbe, Zomba, Liwonde ndi Mangochi. Nyamukani m'mamawa, mugone kumtunda usiku woyamba, boti mukakwere kutacha muli opuma.

Chatsala ndi chovuta kufunsa mlamu popanda kuoneka ngati mukumuderera, ndiye mwina atumeni amuna anu, kapena m'bale wanu amene ali pabanja ndi iwoyo. Afunse kuti botili aliyendetsa nthawi yaitali bwanji, ndipo anakumanapo ndi chimphepo ali okha kapena nthawi zonse pamakhala mnzawo wodziwa. Afunse ngati injini yaing'ono ya kumbuyo ikulira ndipo mafuta ake ndi okwanira kubwerera ku Monkey Bay mphepo itatheratu. Afunse ngati botilo lili ndi mapepala a ku dipatimenti ya za maulendo a pamadzi, ndiponso ndani kumtunda amene azidziwa kumene mwagona usiku uliwonse, poti netiweki kuseri kwa zilumba imadukaduka. Ngati alamu anu ali okhawo odziwa zingwe m'botimo, apemphe mmodzi wa anzawo aja kapena mnyamata wa ku Chembe wozolowera nyanja kuti akwere nawo. Kudzathinana pogona, koma inu ndi amuna anu simungathandize kutsitsa thanga mphepo ikafika, ndipo munthu mmodzi sangagwire chiwongolero n'kukhalanso kutsogolo kwa boti.