Ulendo wa njinga ku Outer Hebrides: Lamlungu lomalizira lija lichotsenipo

Achimwene, mwafunsa za ndondomeko yanu yopalasa njinga masiku anayi pa zilumba za Outer Hebrides, kumadzulo kwa Scotland. Masiku anayi mwanenawo ndi otheka ngati miyendo ilipo, koma zokamalizira ku Butt of Lewis, nsonga yakumpoto ya chilumba cha Lewis, tsiku Lamlungu zija fafanizani. Amene wakupangirani ndondomekoyo wangotenga makilomita 297 a Hebridean Way, njira yanjinga yochokera pa chilumba cha Vatersay kum'mwera mpaka ku Butt, n'kugawa panayi, basi. Sanakuuzeni kuti ku Butt kuli nsanja ya nyali yowunikira sitima, yanjerwa zofiira, kenako mbalame ndi mphepo, kulibe china. Njirayo imathera pamenepo, koma sitima yobwerera ku Ullapool, doko la kumtunda kwa Scotland, ili ku Stornoway, tawuni yaikulu ya ku Lewis, makilomita ena pafupifupi 45, ndipo amenewo anthu sawawerengera.

Tamvani mmene zimakhalira. Kuchokera ku Vatersay mphepo imakhala ikukukankhani kumsana, chifukwa kumeneko nthawi zambiri imachokera kumwera chakumadzulo. Mumafika podziona ngati katswiri. Mukajambulitsa pa nsanja paja n'kutembenuza njinga, mphepo yomweyo imakupezani pachifuwa. Msewu wa A857 kuchokera ku Ness, dera lomwe kuli Butt, kufika ku Barvas umalunjika komwe ikuchokerako, ndipo ndi wa timapiri tokwera n'kutsika, koma ngakhale potsetsereka pomwe mumapalasabe. Munthu amene dzulo amathamanga makilomita 25 pa ola amapezeka ali pa 10, giya yopepuka kwambiri, mutu uli pa handulo. Pa Barvas mumakhotera kumanzere kulowa m'chipululu cha dothi lakuda lonyowa, makilomita pafupifupi 20 opanda mtengo kapena khonde lobisalapo. Tsopano mphepo imamenya kuchokera kumanja, kukukankhirani kumphepete kwa tala komwe kuli ngalande. Ngati muli ndi zikwama ziwiri kumbuyo, zimakhala ngati thanga la bwato pa mwera. Mvula yake ndi yopyapyala ngati chiperoni koma imabwera chopingasa, imalowa m'khosi ndi m'mikono ya jekete. Thukuta la pa chitunda limazizira pathupi. Mukangoima mphindi khumi zala zimauma, ndiye yerekezani tayala lakumbuyo laponcha pamenepo. Kulichotsa pa limu ndi zala zosamva kanthu ndi nkhondo, chigamba sichimata pa chubu chonyowa, ndipo chubu chatsopano mumachitsina ndi chitsulo chotsegulira chifukwa mukunjenjemera. Foni pena imagwira, pena ayi. Ndipo poti ndi Lamlungu, basi palibe. Ku Lewis ndi Harris basi siziyenda Lamlungu, ndipo magolosale a m'midzi amatseka. Ndi anthu a mipingo ya Presbyterian osunga Sabata kuposa momwe agogo athu a CCAP ankachitira, moti sitima ya Lamlungu ku Stornoway inayamba kuyenda mu 2009 pakati pa mkangano waukulu. Musawanyoze, ndi kwawo. Olakwa ndi alangizi aja amati "mukagula zakudya m'njira".

Ena ondinyansa ndi oyendetsa ma campervan obwereka, magalimoto ogonamo aja. Munthu sanagwirepo chigalimoto chachikulu chotero, wachitenga dzulo, lero ali pa kamsewu kokwana galimoto imodzi, maso ali pa mchenga woyera wa ku Luskentyre. Amakupitirirani galasi lake likupala chigongono, kapena amakutsatirani kumatako mpaka mumalowa m'miyala nokha. Ena amaimika galimoto pa malo opatukirana kuti amwe tiyi. Eni dera si vuto, amakweza chala kupereka moni, nanunso muzibweza. Lamulo la misewu yopapatizayi ndi losavuta: malo opatukirana ali ndi chikwangwani choyera, galimoto ikakhala kumbuyo kwanu imani pa oyamba amene mwafika. Akakhala kumanzere lowanimo, akakhala kumanja imani moyang'anizana nawo mbali yanu yomweyo, galimotoyo ndiyo ilowemo. Osadumpha msewu. Ndipo osaikodola kuti idutse pamene palibe malo, khalani pakati ndithu mpaka mufike popatukira, apo ayi idzakufinyani.

Poyambira, sitima yapamtunda kuchokera ku Glasgow Queen Street kupita ku Oban imatenga maola atatu ndi mphindi zochepa, ndipo malo a njinga ndi owerengeka, muwasungitsiretu pogula tikiti. Ku Oban mukwera sitima yapamadzi ya kampani ya CalMac kupita ku Castlebay pa chilumba cha Barra, pafupifupi maola asanu. Njinga siilipira koma muilembetse pa tikiti. Ngati nyanja imakusanzitsani, idyani mudakali pakati pa chilumba cha Mull ndi mtunda pomwe madzi ali bata, mukatuluka pamenepo mbale imayenda yokha patebulo. Kawirikawiri imafika madzulo, ndiye mupite ku Vatersay tsiku lomwelo, ndi pafupi, kungoti pali kachitunda kolimba musanafike pa msewu wa miyala wodutsa panyanja womwe anamaliza mu 1991. Mu June kumeneko dzuwa limalowa 10 koloko itadutsa, nthawi ilipo.

Zilumba zonse ndi khumi, zolumikizidwa ndi misewu yodutsa pamadzi isanu ndi umodzi komanso sitima ziwiri zazing'ono. Yoyamba imachoka ku Ardmhor, kumpoto kwa Barra, kupita ku Eriskay, mphindi 40. Pafupi pomwepo pali bwalo la ndege lomwe ndege zake zimatera pamchenga madzi akaphwa, ngati nthawi ikulolani kaoneni. Kuchoka ku Eriskay kudutsa South Uist, Benbecula, Grimsay ndi North Uist mpaka Berneray ndi pathyathyathya, mbali yaikulu pa A865. Apa ndi pothamanga, palibe zambiri zoti ndinene, kupatula kuti pa misewu yodutsa pamadzi mphepo yam'mbali imagwetsa, gwirani handulo pansi. Kum'mweraku ndi kwa Akatolika ambiri, Lamlungu si lovuta ngati kumpoto.

Sitima yachiwiri ndiyo imasokoneza anthu, ya ku Berneray kupita ku Leverburgh ku Harris. Ndi ola limodzi, koma imadutsa m'madzi osaya odzaza ndi miyala, moti masiku amene nyanja yaphwa kwambiri nthawi zimasintha kapena ulendo wina umachotsedwa. Nthawi imene munalemba muli ku Glasgow musaikhulupirire, yang'ananinso usiku woti mawa muwoloka. Mukaphonya yomaliza mwagona ku Berneray, ndipo masiku anu anayi asanduka asanu. Kuli kahositelo kakang'ono ka denga laudzu m'mphepete mwa nyanja, kena kotero kali ku Howmore ku South Uist, koma mabedi ndi ochepa.

Harris ndi dziko lina. Kuchoka ku Leverburgh mumatsata gombe lakumadzulo pa A859, kenako mumakwera m'miyala yokhayokha n'kutsikira ku Tarbert, makilomita oposa 30 pang'ono. Gulani chakudya ku Tarbert, kutsogolo kulibe sitolo yodalirika kwa mtunda wautali. Mukangodutsa Ardhasaig chimayamba chitunda cha Clisham. Phirilo ndi lalitali mamita 799, msewu sufika pamwamba, umangokwera pafupifupi mamita 190, koma chigawo choyamba ndi choimirira ndipo chimabwera mwadzidzidzi kuchokera pagombe. Njinga yampikisano ya magiya olemera, yokhala ndi katundu, mudzaikankha. Ikani giya ya mano 34 kutsogolo ndi ya mano 32 kapena 34 kumbuyo. Potsikira ku Loch Seaforth samalani nkhosa, zimagona pa tala chifukwa ndi lofunda ndipo mwana amathamangira kumene kuli mayi wake, ngakhale kukhale kutsogolo kwa tayala lanu. Palinso zitsulo zoyala pamsewu zotchinga ziweto. Muzidutse molunjika, thako lili m'mwamba, mabuleki mutagwiriratu musanafikepo. Mukagwira buleki kapena kukhota muli pa zitsulo zonyowa, mwagwa basi. Pa Leurbost njira imasiya msewu wa ku Stornoway n'kulowera kumanzere pa A858, kudutsa pa miyala yakale ya Callanish, Carloway ndi Shawbost mpaka Barvas. Zikwangwani zambiri zimayamba ndi Chigaelic: Steòrnabhagh ndi Stornoway, An Tairbeart ndi Tarbert, An t-Ob ndi Leverburgh, Nis ndi Ness.

Katundu muchepetse kwambiri, kilogalamu iliyonse mudzaitukwana pa Clisham. Koma izi musasiye: matayala a mamilimita 30 kapena 32 m'lifupi m'malo mwa 25, machubu atatu osati awiri, pampu yeniyeni, zotsegulira tayala zapulasitiki, cholumikizira tcheni chogwirizana ndi magiya anu, waya wa giya mmodzi, ndi mapadi a mabuleki apadera, chifukwa mchenga wonyowa umadya mapadi ngati tupa. Tcheni muzipukuta n'kuthira mafuta okhuthala madzulo alionse, mpweya wamchere umachititsa dzimbiri usiku umodzi. Okonza njinga kunja kwa Stornoway ndi ochepa, si ngati kwathu komwe pansi pa mtengo uliwonse wa mango pali wokonzera a kabaza. Magolovesi awiri, ena akhale ouma m'jumbo. Jekete yamvula yeniyeni, nyali yakumbuyo yoyaka ndi masana omwe, mabotolo awiri amadzi. Kuyambira June mpaka August kuli ma midges, tating'ono ngati nkhungu za kunyanja koma toluma, timatuluka mphepo ikangoleka, ndiye kaneti kakumutu kalowe m'thumba. Kumanga tenti kutchire n'kololedwa ku Scotland malinga ndi lamulo la 2003, koma mu udzu wa ku Uist muli nkhupakupa zofalitsa matenda a Lyme, muzidziyang'ana m'miyendo musanagone.

Komabe, kunena chilungamo, Lamlungu ndiye tsiku lokoma kupalasa ku Lewis, msewu umangoti zii, magalimoto akuluakulu kulibe. Ngati simungasinthe masiku, gulani chakudya cha masiku awiri ku Tarbert Loweruka, sungitsani malo ogona ku Ness komweko, mubwerere ku Stornoway Lolemba m'mawa. Basi za Lolemba zilipo koma zambiri ndi zazing'ono, kunyamula njinga zimatengera dalaivala ndi malo, musaikepo mtima. Ndiponso mphepo ija si lamulo, mu May imatha kutembenuka n'kuchokera kumpoto sabata yathunthu, pamenepo bola kuyambira ku Butt n'kutsika.

Mukawoloka ku Stornoway, maola awiri ndi theka, dziwani kuti ku Ullapool kulibe njanji. Siteshoni yapafupi ndi Garve, makilomita pafupifupi 50 pa A835, msewu wa magalimoto othamanga. Mukatsika sitima dikirani kaye padoko mphindi 20 kuti magalimoto onse otsika nawo adutse, kenako muyambepo.