Sewero la Mlandu wa Kupha: Owerenga Afunsa, Ife Tayankha

Mwezi uno talandira makalata atatu okhudza masewero a milandu omwe magulu a m'madera akuonetsa m'maholo a mipingo ndi a sukulu. Tawafupikitsa pang'ono kuti akwane pa tsamba lino.

FUNSO: Akonzi, Loweruka lapitali ine ndi bambo a kunyumba tidapita ku holo ya mpingo wina kuno kwathu kukaonera sewero la gulu la achinyamata. Nkhani yake inali ya wogula chimanga yemwe adapezeka atafa m'dambo, ndalama zake zitasowa, ndipo oganiziridwa anali atatu: mlamu wake, mkazi wake wachiwiri, ndi mnyamata wakabaza yemwe adamunyamula madzulo a tsikulo. Sewero lidayamba mochedwa chifukwa magetsi adathima mpaka adachita kubwereka jenereta, koma litangoyamba palibe adatuluka. Zinthu ziwiri zandisowetsa mtendere. Choyamba, anthu ankakuwa nthawi yonse, ena kulangiza wapolisi, ena kukalipira mlamu uja, moti mawu ena a pansanja sindidawamve. Kodi kumeneku si kunyoza ochita sewero? Chachiwiri, wapolisi wa m'seweromo adasunga wakabaza m'chitokosi sabata yathunthu, adamumenya mpaka adavomera mlandu, kenaka adauza mayi ake kuti abweretse ndalama ya belo. Anthu ambiri adawomba m'manja pomwe mnyamatayo adavomera, ngakhale kumapeto zidadziwika kuti wopha anali mlamu. Kodi lamulo limalola zimenezi? Mwana wanga amayendetsa kabaza, n'chifukwa chake usiku umenewo tulo sindidatione.
Mayi wa ku Chilomoni, Blantyre

YANKHO: Mayi, tiyambe ndi phokoso lija, chifukwa yankho lake ndi lopepukirapo. Ife kuno sitidaphunzire kumvera nkhani titatseka pakamwa. Agogo akati "Padangokhala," ana amayankha kuti "Tili tonse," ndipo akaleka kuyankha agogo amadziwa kuti nthano yatha mphamvu kapena ana agona. Pabwalo la mfumu namonso anthu amang'ung'udza mboni ikanama, amavomereza wina akalasa mfundo. Sewero la mlandu likafika m'holo, oonera amalitenga ngati bwalo lomwelo, iwo n'kudziyesa nduna zothandiza kuweruza. Ochita zisudzo odziwa ntchito yawo amaliyembekezera phokosoli, ndipo amasiya mpata kuti anthu akuwe asadapitirize mawu awo. Omwe adaonerako gulu la Kwathu m'masiku a malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi, omwe dziko lonse linkawadziwa kuti Izeki ndi Jakobo, akukumbukira momwe awiriwo ankadikirira kuti phwete lizizire kaye asadaponye mawu otsatira. Ophunzira a gulu la Travelling Theatre la ku Chancellor College ku Zomba adafika pena, pomwe m'zaka za m'ma 1980 ankapita m'midzi ya kufupi ndi Liwonde ndi masewero a zaumoyo: ankaimitsa dala sewero n'kufunsa anthu a m'mudzimo kuti nkhaniyi ithe bwanji.

Choncho kukuwako pakokha si chipongwe. Ngati mawu ena sadakufikeni, mbali ina ya vutolo ili ndi achinyamata aja, omwe mwina sadazolowere kuima kaye kapena kukweza mawu mpaka afike ku mpando wakumbuyo. Malire alipo ndithu. Woonera yemwe waledzera n'kumatukwana, yemwe akulankhula pa foni, kapena yemwe adaonera kale dzulo lake n'kumaulula wopha sewero lili pakati, ameneyo akuba chisangalalo chomwe anzake alipira pakhomo, ndipo oyang'anira holo ayenera kumutulutsa mwaulemu.

Funso lanu lachiwiri ndi lomwe lili ndi thupi, ndipo tikuyankhani mosapsatira: zitatu zonse zomwe wapolisi wa m'seweromo adachita lamulo silizilola. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino likunena kuti munthu akamangidwa auzidwe chifukwa chake m'chilankhulo chomwe amamva, auzidwe kuti ali ndi ufulu wokhala chete, aloledwe kuonana ndi loya komanso abale ake, ndiponso aperekedwe ku khoti maola 48 asadathe. Maolawo akathera pa nthawi yomwe makhoti sakugwira ntchito, monga Loweruka kapena Lamulungu, munthuyo ayenera kuonekera pa tsiku loyamba lomwe khoti latsegula. Sabata yathunthu m'chitokosi popanda kuonana ndi majisitireti ndi kuphwanya lamulo, kaya mlandu ukhale waukulu chotani. Gawo lomwelo likuletsa kukakamiza munthu kuvomera mlandu, ndipo gawo 19 likuletsa kuzunza munthu aliyense kapena kumulanga mwankhanza. Woimbidwa mlandu amatengedwa kuti ndi wosalakwa kufikira khoti litamupeza wolakwa, ndipo udindo wobweretsa umboni uli m'manja mwa boma, osati mwa iye.

Za belo nazo sewerolo lidasakaniza zinthu ziwiri zomwe anthu ambiri amazisokoneza. Belo ya kupolisi ndi yaulere, ndipo apolisi eni ake amalengeza zimenezi kawirikawiri. Wofuna ndalama pa belo yotereyi akufuna chiphuphu. Belo ya kukhoti ndi yomwe ikhoza kukhala ndi ndalama ya chikole pamodzi ndi anthu oimira womangidwayo, ndipo ndalamayo imalipiridwa kukhoti, risiti n'kuperekedwa. Komanso mlandu wa kupha suzengedwa ndi majisitireti: umapita ku bwalo lalikulu, ndipo ndi bwalo lomwelo lomwe lingapereke belo pa mlandu woterewu. Wapolisi wa pasiteshoni analibe mphamvu yotulutsa mnyamata uja ngakhale mayi ake akadagulitsa mbuzi zonse. Banja lomwe silingakwanitse kulipira loya likhoza kupempha thandizo ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lomwe ntchito yake ndi kuimira anthu ovutika pa milandu, ndipo wodandaula za khalidwe la wapolisi akhoza kupita ku Independent Complaints Commission kapena ku Malawi Human Rights Commission. Mwana wanu azidziwe zimenezi, ndipo azisunga nambala ya m'bale yemwe angamuimbire ngati tsoka lotere litamugwera, pakuti akabaza ndi omwe kawirikawiri amakhala omaliza kuonedwa ndi munthu usiku.

Koma musafulumire kuweruza wolemba sewerolo, mayi. Malinga ndi momwe mwafotokozera, ife tikuona kuti adadziwa chomwe ankachita. Adalola anthu kuti awombe m'manja pomwe wakabaza adavomera, kenaka adawatembenukira n'kuwaonetsa kuti adawombera m'manja kuzunzidwa kwa munthu wosalakwa. Manyazi omwe munthu amakhala nawo pa mphindi imeneyo ndi ofunika kwambiri m'dziko lomwe timamva kawirikawiri za anthu omenyedwa kapena kutenthedwa ndi gulu chifukwa wina wangokuwa kuti "Wakuba!" Ambiri mwa omwe amatola miyala pa zochitika zoterezi sakhala ataona kanthu ndi maso awo, amangokhala ndi chitsimikizo chomwe oonera aja anali nacho pakati pa sewero. Holo ndi malo okhawo omwe munthu angalakwitse kuweruza kotero popanda wina kufa, n'kupita kunyumba akudzifunsa. Chomwe tikadakonda n'chakuti sewerolo likadaonetsanso wapolisi uja akuyankha mlandu wake, chifukwa sewero likangomusiya akuyenda mwamatama, ena amatuluka akuganiza kuti ndi momwe ntchitoyo imagwiridwira. Mukakumana ndi achinyamatawo, auzeni zimenezi. Magulu a m'madera amasintha masewero awo akamva maganizo a oonera.

FUNSO: Akonzi, gulu lina likubwera kudzaonetsa sewero la mlandu wa kupha pa sukulu ya kuno kwathu. Ana anga awiri, wa zaka 8 ndi wa zaka 15, akundiumiriza kuti ndipite nawo. Kodi n'koyenera?
Bambo wa ku Kasungu

YANKHO: Bambo, wa zaka 15 pitani naye, ndipo pobwerera mukambirane zomwe waona. Wa zaka 8 ife tikadamusiya kunyumba, pokhapokha mutafunsa kaye eni sewerolo kuti muli zotani. Sewero la pansanja limasiyana ndi kanema chifukwa womenyedwayo amakhala pafupi, kulira kwake kumamveka ndi khutu lenileni, ndipo nthawi zina amakhala munthu yemwe mwanayo amamuona tsiku ndi tsiku pamsika. Mwana wamng'ono amavutika kulekanitsa munthuyo ndi mbali yomwe akusewera, moti akhoza kumaopa mphunzitsi kapena mnansi yemwe adasewera ngati chigawenga. Funsani ngati muli zogwiririra, mitembo yoonetsedwa poyera kapena mawu otukwana, funsaninso nthawi yomwe sewero lidzathere, pakuti masewero ambiri amayamba mochedwa ndipo ulendo wobwerera umakhala wa mumdima. Gulu lolongosoka silikwiya ndi mafunso oterewa, ndipo limalemba pa chikwangwani chake msinkhu wa oyenera kulowa.

FUNSO: Akonzi, ndife gulu la zisudzo la achinyamata 12. Chaka chatha m'mudzi woyandikana nafe mudaphedwa munthu, ndipo yemwe akumuganizira ali pa rimandi kudikira mlandu. Anthu akutilimbikitsa kuti tipange sewero la nkhani imeneyi chifukwa holo idzadzaza. Kodi tingatero? Nanga sewero la mlandu limakoma likalembedwa bwanji?
Mlembi wa gulu, Mulanje

YANKHO: Achinyamata, holo idzadzaza ndithu, koma nkhani imeneyi isiyeni. Mlandu udakali m'manja mwa khoti, ndipo sewero lililonse la mlandu limayenera kuloza wopha pamapeto pake. Mukaloza yemwe ali pa rimandiyo, mwamuweruza khoti lisadamve umboni, ndipo mukhoza kusokoneza mboni zomwe zidzakhale zitaonera sewero lanu zisadakaime pamaso pa woweruza. Mukaloza wina, mwaipitsa mbiri ya munthu yemwe angathe kukusumirani, kapena mwamuika pa ngozi yoti anthu amuchite chipongwe. Kusintha mayina sikuthandiza pa mudzi pomwe aliyense akudziwa kuti wamalonda wa njinga yofiira ndi ndani. Ganiziraninso anamfedwa: mayi wa malemuyo adzamva kuti imfa ya mwana wake anthu akuilipirira pakhomo, ena akuseka. Akulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo palibe mmodzi mwa inu 12 yemwe angafune kuti maliro a kwawo asanduke chionetsero misozi isadaume.

Chomwe mungatenge pa zomwe zidachitikazo ndi mafunso omwe zidadzutsa, osati anthu ake. Kodi n'chifukwa chiyani anthu odziwa kanthu amaopa kukachitira umboni? Kodi mkangano wa malire a munda umafika bwanji pa chikwanje? Kodi banja la womangidwa limadya chiyani iye akakhala miyezi yambiri pa rimandi? Pekani mudzi wanuwanu, anthu anuanu ndi imfa yosiyana kotheratu, ndipo mafunso amenewa muwaike m'kamwa mwa anthu opekawo. Malemu Du Chisiza Jr., yemwe adayambitsa gulu la Wakhumbata mu 1987 ndipo adamwalira mu 1999, ankakhudza nkhani zowawa za dziko lino pa nthawi yomwe kulankhula kunali koopsa, ndipo anthu ankadzaza holo ya French Cultural Centre ku Blantyre chifukwa ankadziona okha m'nkhani zopeka. Luso limenelo ndi lomwe muyenera kulisirira.

Pa kalembedwe, chinsinsi chachikulu n'chakuti muyambe mwadziwa mathero. Gwirizanani kuti wopha ndi ndani, adapha chifukwa chiyani, ndipo adalakwitsa pati, kenaka mubwerere kumayambiriro n'kumamwaza zizindikiro pang'onopang'ono: nsapato yamatope yomwe wina waivula pakhomo, ngongole yomwe yatchulidwa mongodutsa, munthu yemwe wadziwa malo a mtembo asadauzidwe. Oonera ayenera kupatsidwa zonse zofunika kuti athe kulota okha, kotero kuti choonadi chikaululika amenye pa ntchafu n'kunena kuti zinali pamaso pawo. Wopha wotulukira mwadzidzidzi m'mphindi zomaliza, kapena mlandu wothetsedwa ndi maloto kapena ula, zimakhumudwitsa anthu, ndipo za ulazo n'zoopsa chifukwa zimalimbikitsa mchitidwe woloza okalamba kuti ndi mfiti. Woganiziridwa aliyense akhale ndi chifukwa chomveka chomukayikira komanso mbali yabwino yomwe ingachititse oonera kumumvera chisoni. Imfa yeniyeniyo ikhoza kuchitikira kuseri, anthu n'kungomva kukuwa, pakuti chomwe munthu akuchiganizira chimaopsa kuposa magazi a utoto.

Mbali ya polisi ndi ya khoti muilembe mutafunsa odziwa. Pitani kwa apolisi oona za chitetezo cha m'madera, kapena mukakhale nawo pa bwalo la majisitireti tsiku limodzi, poti milandu yambiri imazengedwa poyera ndipo aliyense amaloledwa kumvera. Mudzaona momwe mboni imalumbirira, momwe womasulira amagwirira ntchito, ndi momwe woweruza amalembera mawu onse, ndipo zimenezi zidzapatsa sewero lanu fungo la choonadi. Musagwiritse ntchito yunifolomu yeniyeni ya apolisi kapena chida chenicheni. Chikwanje cha thabwa chopakidwa utoto chimakwanira. Kumbukiraninso kuti lamulo la 1968 loona za zisangalalo, lomwe lidakhazikitsa Censorship Board, limafuna kuti zoonetsa pagulu zikhale ndi chilolezo, choncho kafunseni ku ofesi ya bwanamkubwa wa boma lanu za njira yake nthawi idakalipo, ndipo muwadziwitse amfumu ndi apolisi a kufupi nanu za tsiku la chionetserocho. Sewero likakonzeka, mutilembere tsiku ndi malo ake kuti tidzalengeze pa tsamba lino.